Kafukufuku Anachitika Kale ku Tete Konkuno

Mwana wa ku Zóbuè amakula akumva Chinyanja kunyumba, kumsika wa pachipata cha m'malire, kutchalitchi ndi pa wayilesi za ku Malawi zomwe zimamveka kuno ngati za kwathu. Akakwanitsa zaka 6 n'kulowa kalasi yoyamba, m'sukulu zambiri amakumana ndi Chipwitikizi chokhachokha. Timamupatsa ntchito ziwiri nthawi imodzi: kuzindikira kuti zilembo zimaimira mawu, ndi kuphunzira chilankhulo chomwe sanachimvepo. Aphunzitsi akawerenga pabolodi, ana onse amabwereza mokweza, ndipo wodutsa panja amati sukulu ikuyenda. Koma muitane mwana mmodzi, mumulozere liwu lomwelo pa tsamba lina, amangoyang'ana pansi n'kumakanda dothi ndi chala cha kuphazi.

Unduna wa zamaphunziro umadziwa zimenezi. Utayesa ana a kalasi yachitatu m'dziko lonse mu 2013, unapeza kuti pafupifupi 6 okha mwa ana 100 ndiwo ankawerenga pa mlingo woyenera. Mu 2016 anatsika kufika pafupifupi 5. Kalembera wa 2017 anasonyeza kuti anthu a ku Mozambique omwe Chipwitikizi ndi chilankhulo chawo chobadwa nacho sakwana 17 mwa 100, ndipo ambiri a iwo ali m'mizinda. Manambala awiriwa ndi apachibale.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti tikamakamba za maphunziro ozikidwa pa kafukufuku, timayang'ana kutali, pamene kafukufukuyo anachitikira m'chigawo chathu chino. Kuyambira 1993 mpaka 1997, nkhondo itangotha, bungwe la boma la INDE linayesa ndondomeko yotchedwa PEBIMO m'zigawo ziwiri: ku Gaza ana ankayamba ndi Chichangana, ku Tete ankayamba ndi Chinyanja, Chipwitikizi n'kumalowa pang'onopang'ono. Carol Benson, yemwe anaunika ntchitoyi, anapeza kuti ana a m'makalasiwa ankayankhula ndi kufunsa mafunso, atsikana ankapitirira, ndipo makolo anaikonda. Anatchulanso zolakwika, makamaka pa momwe ana ankasamutsidwira ku Chipwitikizi. Mu 2003 boma linayambitsa maphunziro a zilankhulo ziwiri m'sukulu zosankhidwa, m'zilankhulo 16, kuphatikizapo Chinyanja ndi Chinyungwe, ndipo lamulo la maphunziro la 2018 likuivomereza njirayi.

Tsono n'chifukwa chiyani bambo wa ku Moatize akamva kuti mwana wake aphunzira m'chilankhulo cha kwawo amakwinya nkhope? Tisamuyese mbuli. Iye waona ndi maso ake kuti kuyambira pomwe kampani ya Vale inayamba kukumba malasha mu 2011, mpaka pomwe mgodi unapita m'manja mwa kampani ya Vulcan mu 2022, olembedwa ntchito zabwino ndi odziwa Chipwitikizi, ena ndi Chingerezi chomwe, ambiri ochokera kutali. Amafunsa kuti, Chinyanja mwanayu akuchidziwa kale, ndimutumizirenji kusukulu? Funso lake n'lomveka, ndipo kumuuza za chikhalidwe sikumuyankha.

Yankho ndi lakuti munthu amaphunzira kuwerenga kamodzi kokha. Mwana yemwe walumikiza "ma" ndi "dzi" n'kumva kuti watchula madzi omwe amatunga m'mawa uliwonse wagwira chinsinsi cha zilembo, ndipo sadzachiphunziranso kachiwiri. Akafika pa Chipwitikizi amangolimbana ndi mawu achilendo. Makolo ambiri a m'malire muno ndi mboni: anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, anaphunzira kuwerenga Chichewa kumeneko, ndipo mpaka lero ndiwo amawerenga Buku Lopatulika kutchalitchi mosadodoma, ena mwa ana awo a kalasi yachisanu akulephera.

Komabe bambo uja ali ndi mfundo ina yomwe okonda ndondomekoyi sakonda kuimva. Feliciano Chimbutane, yemwe anakhala m'makalasi a zilankhulo ziwiri ku Gaza n'kulemba buku mu 2011, anaona ana ali omasuka m'zaka zoyamba, koma akuvutika atafika kalasi yachinayi pomwe maphunziro ankatembenukira ku Chipwitikizi. Mabuku ankasowa, aphunzitsi sanakonzekeretsedwe mokwanira. Maphunziro a zilankhulo ziwiri ochitidwa mwatheka ali ngati kuwolotsa munthu pa mtsinje wa Revúboè n'kumusiya pakati pa madzi. Akamira, anthu amati bwato ndi loipa. Ine ndikuona kuti zaka zitatu n'zochepa. Chinyanja chiyenera kuperekeza mwana mpaka kumapeto a pulayimale, Chipwitikizi chikuphunzitsidwa mwakhama ngati phunziro kuyambira tsiku loyamba, poyamba pakamwa, kenako papepala.

Pali kafukufuku wa ku Kenya yemwe aliyense wogula mabuku a sukulu anayenera kumudziwa. Michael Kremer ndi anzake anagawa mabuku m'sukulu za kumudzi n'kupeza kuti anathandiza ana okhawo omwe anali kale patsogolo, chifukwa anali m'Chingerezi chomwe ambiri sankachimva. Buku palokha si mankhwala. Ku India bungwe la Pratham linayesa kugawa ana m'magulu potengera zomwe akutha kuwerenga, osati kalasi yawo, n'kumawaphunzitsa kuyambira pomwe alili. Zambia inatengera njirayi mu 2016, ndipo chigawo cha Kummawa, cha anzathu olankhula Chinyanja, chinali mwa zoyambirira. Njira imeneyi ingathandize kwambiri m'tauni ya Moatize, momwe kalasi imodzi mumakhala ana a Chinyungwe, a Chisena, a Chinyanja ndi ena olankhula Chipwitikizi kunyumba, moti kusankha chilankhulo chimodzi n'kovuta. Ku Zóbuè vutolo n'lochepa. Tisapereke yankho limodzi ku malo awiri osiyana chifukwa choti ali m'boma limodzi.

Ndipo zonsezi n'zachabe ngati mphunzitsi kulibe. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse itayendera sukulu za ku Mozambique mosadziwitsa mu 2014, inapeza aphunzitsi 45 mwa 100 palibe pasukulu. Palinso chizolowezi chotumiza mphunzitsi kudera lomwe chilankhulo chake sachidziwa, pamene achinyamata a konko omwe anamaliza maphunziro a uphunzitsi ali pakhomo.

Za ndalama, tisanamizane. Midzi yokhudzidwa ndi migodi, monga Cateme ndi Benga, imalandira gawo la 2.75 peresenti ya msonkho wa malasha okumbidwa. Ndalamazi timaziona pa zomangamanga, ndipo chipinda chophunziriramo ndi chinthu chabwino, koma khoma siliphunzitsa mwana kuwerenga. Timabuku ta nthano m'Chinyungwe ndi m'Chinyanja sitingadye ndalama ya chipinda chimodzi. Ku Mwanza, kungodutsa chipata, kuli mabuku a Chichewa a ndondomeko ya kuwerenga yomwe Malawi inayamba mu 2016. Kusiyana kwa kalembedwe, kuti kuno timalemba "c" pomwe iwo amalemba "ch", sikungalepheretse maunduna awiri kugwirizana. Ufa, nsomba ndi zitenje zimawoloka pa Zóbuè tsiku lililonse. Buku la kalasi yoyamba ndiye lingakanike?

Inu a m'khonsolo ya sukulu, pa msonkhano ukubwerawu musakambe za malata ndi zimbudzi zokha. Funsani a dayilekitala kuti ana a kalasi yachitatu omwe angawerenge ndime imodzi n'kufotokoza zomwe awerenga ndi angati, ndipo awayese inu mukuona, m'zilankhulo zonse ziwiri.