Kodi Kufunsa Anthu Ndiko Kuwamvela?

Acinyamata anzanga, kodi munaitanidwapo ku msonkhano kuti mukapeleke maganizo, koma pofika n'kupeza kuti akulu anagamula kale nkhani yonse? Ngati zinakucitikilani, mudzamvetsa msanga vuto limene maboma amakumana nalo pofunsa nzika zao mmene mitundu yosiyana ingakhalile m'dziko limodzi.

Mu 1963 boma la Canada linasankha bungwe lofufuza mmene olankhula Cingelezi ndi olankhula Cifalansa angakhalile mogwilizana. Mitundu ina inachulidwa mongodutsa cabe. Koma bungwelo litayamba kuyendela mizinda, kunabwela anthu amene makolo ao anacokela ku Ukraine ndi maiko ena. Iwo anadandaula kuti makolo ao anaswa mphanje kumadzulo kwa dzikolo zaka zambili zapitazo. Nanga n'cifukwa ninji anali kuyesedwabe alendo? Bungwelo linalemba buku lapadela lonena za mitundu imeneyi, ndipo pa 8 October 1971 nduna yaikulu Pierre Trudeau analengeza kuti zinenelo za boma zidzakhalabe ziwili, koma palibe cikhalidwe cimene cidzaikidwa pamwamba pa cinzake. Mu 1988 mfundoyi inakhala lamulo.

Taonani cimene cinacitika apa. Anthu anayankha zoposa zimene anafunsidwa, ndipo boma linalola kuti funso lenilenilo lisinthe. Sindikuti zonse zinali zoongoka: eni nthaka, amene anali m'dzikomo Azungu asanafike, bungwelo linawasiya kunja kwa nchito yake.

Kuno kwathu, mu 1972, bungwe la a Mainza Chona linayendela zigawo kukamva maganizo pa ulamulilo wa cipani cimodzi, umene a Kaunda anati udzacepetsa tsankho la mitundu. Anthu analoledwa kunena mmene ulamulilowo uyendele, koma osati ngati akuufuna. Mphika unali utapsa kale. Anthu anangofunsidwa za mbale.

Wina adzati mtsogoleli sangakondweletse aliyense. N'zoona, ndipo kumvela munthu sikutanthauza kumcitila zonse zimene wapempha. Koma ine ndiona kuti wofunsa amene watsimikiza mumtima kuti sadzasintha kanthu akunama, ngakhale mau ake onse akhale oona. Akugwilitsa nchito kupezekapo kwanu kuti cigamulo cake cioneke ngati canu.

Mpingo woyamba unakumana ndi mlandu wa mtundu womwewu. Pa Macitidwe 6, okhulupilila olankhula Cigiliki anadandaula kuti akazi amasiye a kwao anali kuiwalika pogawa cakudya ca tsiku ndi tsiku. Atumwi sanawadzudzule kuti akugawanitsa mpingo. Anasonkhanitsa gulu lonse ndi kulipatsa mphamvu yosankha lokha amuna asanu ndi awili oyang'anila nchitoyo. Mukakumana m'gulu lanu sabata ino, kawelengeni maina a osankhidwawo pa vesi 5. Onse asanu ndi awili ndi maina a Cigiliki.