Pa Bwalo la Naboti Panalibe Womuyankhulira

Mawu athu lero akuchokera pa 1 Mafumu mutu 21. Mfumu Ahabu inasirira munda wamphesa wa Naboti, koma Naboti anakana kuugulitsa chifukwa unali cholowa cha makolo ake. Yezebeli, mkazi wa Ahabu, sanatume chigawenga usiku. Analembera makalata akuluakulu a mzinda wa Naboti, iwo anaitanitsa msonkhano, napeza mboni ziwiri zabodza, ndipo Naboti anaponyedwa miyala mpaka kufa. Bwalo linalipo, oweruza analipo, mboni zinalipo. Chimene chinasowa ndi munthu mmodzi woti aimirire pafupi ndi woimbidwa mlanduyo n'kufunsa mbonizo kuti zinamva liti, zili kuti, ndipo wazituma ndani. Akuluakulu aja ankamudziwa Naboti, ankakhala naye mumzinda umodzi, koma aliyense anatseka pakamwa.

Ntchito yofunsa mafunso amenewo ndi imene a Orton Chirwa anaisankha. Anabadwa mu 1919 ku Nkhata Bay, anayamba ndi uphunzitsi, kenako anakaphunzira zamalamulo ku London, ndipo mu 1958 anabwerera kuno ali loya woyamba wachikuda m'dziko la Nyasaland. Tangoganizani munthu wa kumudzi wa masiku amenewo atalowa m'khoti la atsamunda, chilankhulo chachilendo, malamulo achilendo, kenako n'kuona mwana wa kwawo ataima kumbali yake. Mu 1959 boma litalengeza za chipwirikiti, iwonso anatsekeredwa. Atatuluka anayambitsa nawo chipani cha Malawi Congress Party n'kukhala mtsogoleri wake, koma Dr Banda atamasulidwa mu 1960 anawasiyira mpandowo. Ndi anthu ochepa kwambiri amene amasiya mpando akaukhalapo kale.

Anadzakhala nduna ya zachilungamo, koma sipanapite nthawi. Mu 1964 nduna zitasemphana ndi Dr Banda, a Chirwa anathawira ku Tanzania, ndipo banja lawo linakhazikika kumeneko zaka zambiri.

Tsiku loti mawa Khrisimasi, mu 1981, iwo, mkazi wawo mayi Vera ndi mwana wawo wamwamuna anagwidwa. Boma linati analowa m'dziko okha, iwo anati anabedwa kum'mawa kwa Zambia. A Chirwa ndi mkazi wawo anaimbidwa mlandu woukira boma, ndipo mlanduwo unapita ku khoti la mafumu, kumene loya sankaloledwa kuyankhulira munthu. Ndimati ndikafika pamenepa mtima umandiwawa. Munthu amene anayankhulira ena anasowa womuyankhulira. Pambali pake panali mkazi wake yekha, yemwenso anali loya, mayi woyamba kukhala loya m'dziko lino, nayenso ali pa mlandu womwewo. Anadziyankhulira okha awiriwo. Mu 1983 anagamulidwa kuti aphedwe, apilo inakanidwa, ndipo mu 1984, mipingo ndi mayiko akunja atadandaula kwambiri, chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse.

Pa tsiku la ukwati timalonjezana kukhala limodzi pa zabwino ndi pa zovuta, ndipo ambiri timalonjeza tikuganiza za matenda kapena umphawi. Awiriwa anakwatirana mu 1951. Ku ndende ya Zomba anakhala mu mpanda umodzi zaka zisanu ndi zitatu osaonana. Anadzaonana mu September 1992, pamene gulu la maloya a ku Britain linaloledwa kuwayendera, ndipo pa nthawiyo a Chirwa maso ndi makutu zinali zitayamba kale kufooka. Pa 20 October chaka chomwecho anamwalira m'ndendemo ali ndi zaka 73. Mayi Vera sanaloledwe kupita kumaliro a mwamuna wawo. Anamasulidwa mu January 1993, patatsala miyezi yochepa kuti Amalawi aponye voti pa referendamu.

Mu nkhani ya Naboti, Mulungu anatuma Eliya kukakumana ndi Ahabu m'munda womwe uja. Akuluakulu athu amati mlandu suola, ndipo Malemba akuvomereza. Koma tisathamangire kudzitonthoza ndi zimenezo, chifukwa Eliya anafika Naboti atafa kale. Mulungu akadakondwa koposa akadapezeka mkulu mmodzi pa bwalo lija wonena kuti ayi. Ifenso ambiri a ife, kapena makolo athu, tinalipo mu 1983. Mantha anali enieni, sindikupeputsa, ndipo ena anayankhula nalipira mtengo waukulu. Koma chete wa anthu ambiri ndi amene anathandiza kuti bwalo lotere lioneke ngati chilungamo.

Onani chimene mayi Vera anachita atatuluka. Sanapite kukabisala ndi chisoni chawo, ngakhale palibe akadawadzudzula. Anayambitsa bungwe la Malawi CARER lothandiza anthu wamba kudziwa ufulu wawo, ndipo pambuyo pake anagwira ntchito yoyendera ndende za m'mayiko a mu Africa. Munthu amene ankadziwa fungo la chitolokosi anabwereranso kumeneko mwa kufuna kwake, chifukwa cha ena.

Sitonse tingakhale maloya, koma a Naboti ali pakati pathu. Ndi mayi wamasiye amene achibale a mwamuna wake amulanda nyumba maliro asanathe. Ndi mnyamata amene wakhala pa rimandi nthawi yaitali mlandu wake osalowa m'khoti, chifukwa kwawo kulibe wodziwa kuti belo imapemphedwa bwanji. Dziko lathu lili ndi Legal Aid Bureau yothandiza osowa ndalama za loya, koma munthu ali m'ndende sangadziyendere yekha kumeneko. Pamafunika wina wa kunja.

Ndikupempha akulu a mpingo ndi amayi a chigwirizano kuti sabata ino mufufuze m'milaga yanu amene ali ndi m'bale pa rimandi kapena mlandu wa malo, ndipo mupeze woti awaperekeze. Ndipo inu amene munaona ndi maso anu chimene chinachitika pa mlandu wa mnzanu, koma mukuopa kutchedwa mboni, pitani mukanene zimene munaona.