Kodi Mkazi wa Zisudzo Ndi Wonama?

Funso ili limabuka m'midzi yambiri, ndi ku Simlemba komwe, pamene mkatekisti asonkhanitsa achinyamata kuti akonze sewero la Masautso a Ambuye. Makolo ena amakaniza ana awo aakazi, nati: "Wolira popanda maliro ndi wonama, ndipo wozolowera kuvala nkhope ya wina adzataya yake."

Mlandu wotere uyenera kuzengedwa pa moyo wa munthu weniweni. Gertrude Kamkwatira adasewera m'gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre, limene Du Chisiza Jnr adaliyambitsa mu 1987. Du atamwalira mu 1999, mayiyu adatsogolera gululo, pambuyo pake nayambitsa lake la Wanna-Do, ndipo adamwalira mu 2006. Anthu adamuona pabwalo, nyali zikuwala. Koma wofuna kudziwa ntchito ya mkazi wotere ayang'ane zithunzi zimene zimajambulidwa pa nthawi yoyeserera. M'menemo mulibe ulemerero: chipinda chopanda oonera, mipando yobwereka, pepala m'manja, munthu ali chogwada pa simenti kubwereza mawu omwewo kachisanu, chifukwa misozi siinagwe pamalo pake.

Wotsutsa adzati: "Umboni si umenewo? Misozi yochita kuphunzira!" Iyayi. Bodza, monga adaphunzitsira Augustino Woyera, ndilo kunena chosaona ndi mtima wofuna kunyenga mnzako. Tsono apa wanyengedwa ndani? Wolipira pakhomo adziwa kuti wadzera sewero. Alimi a fodya amvetsa zimenezi koposa ena. Belo lokoma pa msika wa Chinkhoma lidayambira ku nazale ndi m'chigafa, kumene kulibe woomba m'manja, ndipo palibe amatcha khama limenelo chinyengo. Wonyenga ndi uja amabisa masamba oola pakati pa belo, nakuta ndi abwino. Mkazi wa zisudzo sabisa kanthu: dzina lake lenileni lalembedwa pa chikwangwani panja.

Mpingo nawonso udachedwa kuona ichi. Mu 1730 Adrienne Lecouvreur, mkazi wotchuka wa zisudzo ku Paris, adamanidwa maliro achikhristu, naikidwa usiku. Nkhaniyi siikometsa mbiri ya ansembe a nthawi imeneyo. Komabe Mpingo womwewo umalemekeza Genesio Woyera, wa zisudzo wa ku Roma amene adafera chikhulupiriro, ndipo mu 1978 udalandira Karol Wojtyła, amene adachitapo zisudzo ku Kraków pa nthawi ya nkhondo, kukhala Papa Yohane Paulo Wachiwiri.

Chilipo chimodzi chimene Augustino adadandaula nacho, ndipo nchovuta kuchikana. Ali mnyamata ku Carthage adakonda zisudzo, nazindikira pambuyo pake kuti woonera amakondwera ndi chisoni chakecho: amaitanidwa kudzalira, osati kudzathandiza wovutikayo. Apa mlandu wachoka pa wosewera, wagwera wokhala pa mpando. Kamkwatira adalemba sewero lotchedwa It's My Fault, lonena za nkhanza za m'banja. Ntchito yake adaitsiriza mokhulupirika, masiku ambiri a kuyeserera ali kumbuyo kwake. Nanga bambo amene aonera sewero lotero, napukuta m'maso, nakafika kwawo n'kutolera mkazi wake chikuni chifukwa ndiwo zachepa mchere? Za bamboyo makolo aja safunsa kanthu, ndipo pa Lachisanu Loyera amamusungira mpando wa kutsogolo.