NYUMBA YA M'MLENGALENGA NDI MADZI A KU MISISI

Caka ca 1998 cinali cacikuru pa maulendo a kuthambo. Pa 29 Januwale maboma 15 anapangana mu mzinda wa Washington kuti amange pamodzi nyumba yoyenda m'mlengalenga. Pa 20 Novembala a ku Russia anaponya cipinda coyamba kucokera ku Baikonur, m'dziko la Kazakhstan. Dzina lace Zarya, ndiko kunena mbanda kuca. Pa 4 Disembala a ku America ananyamula caciwiri m'combo cao Endeavour. Dzina lace Unity, ndiko kunena umodzi, ndipo m'masiku owerengeka anazilumikiza ziwirizo. Zipinda zina zinadza pambuyo, monga munthu aonjeza pa nyumba yace ana akacuruka, ndipo pa 2 Novembala 2000 anthu atatu oyamba analowa kukakhalamo. Nyumbayo anaiika mamailosi ngati 250 pamwamba pa dziko, nilizungulira pa ora limodzi ndi theka.

Madzulo ena ipita pamwamba pa Lusaka, nioneka ngati nyenyezi yofulumira. Pansi pace pali komboni ya Misisi, kufupi ndi pakati pa mzinda, kumene abale ambiri ocokera kumidzi akhala. Kale anakumbako miyala, ndipo maenje otsalawo anadzala madzi. Dzinja likafika madzi alowa m'nyumba, zimbudzi zisefukira, ndipo zonyansa zitsikira m'zitsime zosaya. M'zaka za 2017 ndi 2018 kolera anadwalitsa anthu oposa 5,000 m'Lusaka, makamaka m'makomboni otere. Ndipo mu Januwale 2024 bwalo la mpira la Heroes linasanduka cipatala ca odwala nthenda yomweyo.

Tsono funso ndi ili: kodi kuyenera kuti anthu amange nyumba kuthambo pokhala anzao alibe madzi abwino akumwa?

Ena ayankha msanga, nati, Iai, kumeneko ndi kudzikuza kwa ku Babele. Koma yankho ili lipunduka pawiri. Poyamba, a ku Babele analeka nchito pakusamvana, pamene awa anali mitundu yakuti zaka makumi anai inaopsezana ndi mabomba, ndipo tsopano anabvomerezana miyeso, kotero kuti cipinda cosulidwa ku Moscow cinakwanira pa cinzace cosulidwa ku America. Kuyanjana kwa adani sikutsutsika. Caciwiri, palibe angathe kulonjeza kuti ndalama zija zikadapanda kukwera kuthambo zikadafika ku Misisi. Ndalama zosagula combo zigula mfuti kawiri kawiri.

Ndiponso kulakalaka nyenyezi sikuli kwa olemera okha. M'caka ca ufulu wa Zambia, 1964, mphunzitsi wina, Edward Mukuka Nkoloso, anasonkhanitsa acinyamata pa famu yosiyidwa kunja kwa Lusaka, kuti awakonzere ulendo wa ku mwezi ndi ku Mars. Anawalowetsa m'migolo ya mafuta nawakunkhuniza pa citunda, kuti azolowere cizwezwe ca ulendowo. Anapempha mapaundi 7,000,000 ku bungwe la UNESCO, koma sanalandira. Ambiri anamseka. Komatu munthu wakufuna cinthu cimene alibe mphamvu yace sacimwira mnzace. Wakuopsa ndi uja ali nayo mphamvu, koma kufuna alibe.

Pamenepa ndi pamene nyumba ya m'mlengalenga icitira umboni. Kumeneko kulibe mtsinje, kulibe mvula, ndipo madzi ocokera pansi akwera pa mtengo waukuru. Cifukwa cace akatswiri anapanga makina akusonkhanitsa thukuta, mpweya wa m'kamwa ndi mkodzo womwe, nazisandutsa madzi akumwa. Okhalamo anayamba kumwa madzi amenewa m'caka ca 2009, ndipo mu 2023 a bungwe la NASA analengeza kuti pa magawo 100 a madzi anatha kubweza magawo 98. Ngati munthu adziwa kuyeretsa mkodzo kumene kulibe nthaka, kodi angathe kunena kuti sadziwa kuyeretsa madzi a Misisi?

Ndipo Misisi safuna makina otere. Cidziwitso cimene afuna ncakale. M'caka ca 1854 dokotala John Snow anaonetsa mu mzinda wa London kuti kolera ayenda ndi madzi, pamene anapeza kuti akufa ambiri anatunga pa mpope umodzi. Mipope, ngalande, zimbudzi zosasefukira ndi mankhwala a m'madzi zadziwika mibadwo ingapo. Cotero mwana wakufa ndi kolera lero sanafa cifukwa nzeru zinasowa pa dziko. Anafa cifukwa nzeruzo sizinatsikira kwao.

Yankho tsono ndi lotere. Kumanga kuthambo si cimo. Koma nzeru zikacuruka, cowiringula cicepa. Makolo amene anaika ana ao m'manda osadziwa cimene cinawapha analibe mlandu. Mbadwo uno udziwa, ndipo wakudziwa ali ndi ngongole. Ngongoleyo iri pa maiko olemera, iri pa nduna ndi makhansala ogawa cuma ca dziko, iri pa eni nyumba akulandira lendi osakumba cimbudzi coyenera.

Iri pa mudzi uli wonse ndithu. Mudzi wodziwa kuti cimbudzi cikhale kutali ndi citsime, nuleka kucisuntha, uli m'mlandu womwewo, ungakhale waung'ono. Ndipo njira yace anaionetsa omanga aja: anayamba ndi pangano, nadza naco cipinda cimodzi, kenaka cinzace, pakuti mutu umodzi susenza denga. Akuru a mudzi kapena a komboni akapangana, ngalande imodzi itheka caka cino, ndi citsime cobvundikira caka ca mawa.

Wakuona nyenyezi yofulumira ija aiyang'ane ndi cimwemwe, pakuti ndi nchito yokoma ya manja a anthu. Koma itapita, aweramitse maso, nafunse kumene ana a mnansi wace adzatunga m'mawa.