Owerenga Mbalame M'nyengo ya Chisanu

M'madera ambiri a ku North America, Disembala ndi mwezi wozizira koopsa. Mitengo yambiri imakhala itayoyola masamba, ndipo mbalame zambiri zimakhala zitathawira kumwera. Komabe ndi m'nyengo yomweyi, kuyambira pa 14 Disembala mpaka pa 5 Januwale, pamene anthu zikwizikwi amalawirira kukawerenga mbalame zotsala.

Mwambowu unayamba mu 1900. Masiku amenewo, alenje ankapikisana pa Khirisimasi kuti aone wopha mbalame zambiri. Katswiri wa mbalame, Frank Chapman, anapempha kuti azingoziwerenga basi. Anthu 27 anavomera. Lero ntchitoyi ili m'manja mwa bungwe la National Audubon Society, ndipo gulu lililonse limabwerera kudera lake lomwelo chaka ndi chaka.

Tsiku limodzi silinena zambiri. Munthu amaima phee. Amamvetsera. Amalemba timba mmodzi, mpheta zingapo, n'kubwerera kwawo zala zitauma ndi kuzizira.

Koma zolembazo zikaunjikana kwa zaka zoposa 100, zimaulula zimene munthu mmodzi sakanaziona. Kambalame kofiira kotchedwa cardinal tsopano kakhazikika kumpoto kumene kale sikankafika. Chiwombankhanga cha mutu woyera, chofanana kwambiri ndi nkhwazi, chinatsala pang'ono kutha, koma chinachulukanso America italetsa mankhwala a DDT mu 1972. Mbalame zina, monga evening grosbeak, zachepa mwakachetechete.

N'chifukwa chake owerengawo amalembanso maola ndi mtunda umene ayenda, ngakhale pamene sanaone kanthu. Tsiku looneka ngati lapita pachabe nalonso limalowa m'kaundula, ndipo akatswiri amalifuna mofanana ndi tsiku la mbalame zochuluka.