Mtchona Akabwera, Timulandire Motani?

Amayi anzanga, ena mwa inu amene mumawerenga mabuku a Chingerezi mwina munakumanapo ndi buku lotchedwa Redeeming Love, limene mayi wa ku America, Francine Rivers, anatulutsa mu 1991. Ndi imodzi mwa nthano zachikondi zimene zimasimba za masiku akale, pamene azungu ankakhamukira kumadzulo kwa dziko lawo. Nkhani yake ikuchitikira ku California cha m'ma 1850, nthawi imene anthu ankathamangira golide. Mlimi wina, Michael Hosea, anakwatira Angel, mkazi amene anagulitsidwa ku uhule akadali mwana. Mkaziyo ankathawa, mwamuna nkumulondola ndi kumubweza kunyumba. Wolemba anatengera nkhani ya mneneri Hoseya ndi mkazi wake Gomeri.

Golide ameneyu ife a ku Chintheche tikumudziwa, ngakhale kuti wathu anali wa ku Joni. Kungoti kwathu kuno wochoka anali mwamuna, wodikira anali mkazi. Katswiri wina, J. van Velsen, amene anakhala pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950, anapeza kuti amuna oposa theka sanali pamudzi. Anali ku migodi ndi m'matauni a ku Rhodesia ndi South Africa. Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anayambitsa bungwe la antchito ku Cape Town mu 1919, ndi mmodzi chabe mwa iwo. Wenela inaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown nkupha Amalawi ambiri ochokera ku migodi, koma ulendo wa ku Joni sunathe. Lero ana athu amapita pa basi.

Tsono mtchona uja watha zaka khumi osalemba kalata, osatumiza ngakhale bulangete. Mkazi walima chinangwa yekha, wagulitsa usipa kuti ana aphunzire, waika maliro a apongozi ake. Tsiku lina bambo atulukira ndi sutikesi imodzi, mwina akutsokomola, mwina atasiya mkazi wina ndi ana kumeneko. Abale onse akuti, “Akhululukireni, ndi amuna anu.” Kodi mayiyu atani?

Maganizo anga ndi akuti timasakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Kukhululuka ndi kutula mkwiyo, kusiya kufunira mnzako zoipa, kuleka kuphunzitsa ana kudana ndi bambo awo. Kumeneku mkhristu sangakuzembe, ndipo mayi angathe kukuchita yekha mumtima mwake, mwamuna akadali ku Joni komweko. Koma kuyambiranso banja, kugonanso pa mphasa imodzi, ndi ntchito ya anthu awiri. Munthu mmodzi sangaigwire, ngakhale atapemphera motani.

Buku lija pamenepa likunena zoona kuposa mmene owerenga ambiri amaonera. Nthawi zonse zimene Michael anapita kukamutenga mkazi wake, banja silinakhazikike. Ulendo womaliza sanamutsatire. Angel anakhala zaka ku San Francisco, nasintha moyo wake, nayamba kuthandiza akazi ena kusiya uhule. Kenako anabwerera ndi miyendo yake, ndipo atafika anaulula dzina lake lenileni, Sarah, limene anali atabisa nthawi yonseyi. Chikhululukiro cha mwamuna chinalipo kuyambira kale. Chimene chinkasowa chinali choonadi cha wolakwayo.

Ndiye ngati mtchona akufuna mwayi wachiwiri, ayambe ndi kuulula. Anene pamaso pa ankhoswe ngati kuli mkazi wina, ngati kuli ana, ngati kuli ngongole. Avomere kupita kukayezetsa magazi limodzi ndi mkazi wake. Mayi amene akupempha zimenezi sali wouma mtima, ndipo ife tisamamunene m'misonkhano yathu kuti alibe chikhululukiro. Tinaika m'manda amayi ambiri omvera amene anauzidwa kuti kufunsa ndi mwano.

Pali china chimene chimandivuta. M'buku lija wokhululuka ndi mwamuna, monganso zinalili kwa Hoseya. Kwathu kuno, mayi amene anatopa ndi kudikira, nkupezeka ndi mwana wa mwamuna wina m'chaka chachisanu ndi chitatu, ndi angati amene amamupempherera mwayi wachiwiri? Kawirikawiri katundu wake amatulutsidwa tsiku lomwelo, ndipo ena mwa otulutsawo timakhala ife amayi, alamu ake ndi apongozi ake. Pamene tikulangiza mkazi wa mtchona kuti atsegule chitseko, tikhalenso okonzeka kukakhala pansi ndi mwana wathu wamwamuna, wobwera kumene ku Joni, ndi kumuuza mawu omwewo.

Nthano imathera pakhomo, awiriwo atakumbatirana. Mayi wa ku Chintheche mawa lake adzadzuka nkuphika kondowole wa munthu amene ana ake sakumudziwa nkhope, ndipo mwina padzapita miyezi asanayambe kuseka naye. Tikamuyendera tisamamufulumizitse.