M'mera mpoyamba, ngakhale m'khola

Akuluakulu ponena kuti "m'mera mpoyamba" ankaganiza za chimanga, koma mwambiwu umalowanso m'khola. Pitani m'mbali mwa nyanja ya Malombe mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo: msipu wapsa, tsekera wasanduka mapesi, ndipo misoti ya ng'ombe ikuwerengeka nthiti. Mwini wake amadabwa kuti msoti wakwana zaka 3 koma sukutenga bere, n'kumaloza chala nkhunzi. Nkhunziyo ilibe mlandu.

Thupi la msoti siliwerenga zaka, limayang'ana kulemera. Umayamba kufuna nkhunzi ukayandikira magawo awiri mwa atatu a kulemera kwa ng'ombe yaikulu. Thole lomwe timalilanda mkaka wa amake m'mawa uliwonse limachedwa kufika pamenepo. Likakakamizika kutenga bere lili lowonda, pobereka pamavuta, ndipo bere lachiwiri limachedwanso.

Chodabwitsa n'chakuti chakudya timachiponda. Masangwi a mtedza timawatentha, madeya timagulitsa motchipa. Pansi pa misangu, nyemba zake zopotana zimayoyoka nthawi yomwe udzu watha, ndipo mbuzi ndizo zimafikapo msanga.